Timabotolo ta Mwana Wanga

Mwana wanga wamkazi atasankhidwa kupita ku yunivesite, ndidalengeza Kasinje yense kuti m'nyumba mwanga mwatuluka dokotala. Sindidafunse kawiri. Ndidangomva zoti kumeneko amavala makhoti oyera, nkhani nkuthera pomwepo. Iye adayesa kundiwongola.

"Ababa, si udokotala ayi. Maphunziro ake amati bayomediko. Ife ndi a ku labu. Timayeza magazi, makhololo ndi zina zotuluka m'thupi, kuti dokotala adziwe chimene chikumudya wodwala."

Ndidamuuza kuti asandizunguze mutu, chipatala nchimodzi. Ine sukulu ndidalekezera Fomu 4, ndipo mtima wanga ndi wapachala, akuno onse amadziwa. Mawu akafika pakamwa sindiwadikira kuti azizire.

Pa holide ankabwera ndi mabuku onenepa ngati njerwa, odzaza zithunzi za nyongolotsi ndi ziwalo za m'mimba. Amayi ake adaletsa kuti mabukuwo asamayandikire mbale. Zala zake zinkakhala zothimbirira ndi utoto wofiirira umene amapaka pa timagalasi toyezera, ndipo sopo ankalephera. Chaka china adagwa mayeso amodzi, adawonda ngati bango, nkukalembanso mpaka kukhoza. Zonsezi ndinkaziona, koma m'mutu mwanga adali dokotala basi.

Chaka chomaliza adafika ndi katoni pamutu. M'katonimo mudali timabotolo tapulasitiki ta zivundikiro zofiira, topanda kanthu. Adatikhazika pansi ine ndi amayi ake nkutifotokozera kuti wophunzira aliyense amayenera kuchita kafukufuku wakewake, ndipo wopanda kafukufuku digiri salandira. Iye adasankha kufufuza likodzo pakati pa amuna akuluakulu a mu sikimu yathu ya mpunga. Ankati ana amalandira mankhwala kusukulu, koma ife amene timaswera m'madzi kuwokera ndi kupalira palibe amatiyang'ana. Aphunzitsi ake adavomera, a pachipatala chathu chaching'ono adamulola kugwiritsa ntchito makina awo oonera tizilombo, amene iwo amati maikulosikopu. Chotsala chidali chimodzi: amuna apereke mkodzo m'timabotolo tija holide isanathe.

Ndidaseka poyamba, kuyesa nthabwala. Nditaona kuti sakuseka, ndidatuluka panja.

Wobwera sangamvetse, choncho ndinene mosabisa. Kuno mwamuna sapereka mkodzo wake kwa munthu. Tidakula tikuuzidwa kuti mdani akatapa dothi pamene wataya madzi, akhoza kukumanga, m'nyumba nkusanduka mlongo wa mkazi wako. Ndipo timagazi totsirizira pokodza sitinkatiyesa matenda. Tili anyamata tikusambira m'ngalande, amene wayamba kuona zofiira tinkamuwombera m'manja kuti wakula. Ena a ife tidakalamba nazo choncho. Tsono mtsikana wosakwatiwa, woti tidamuona akukwawa, abwere ndi kabotolo kudzapempha zimenezo kwa amuna a ndevu?

Adayenda sikimu yonse pamodzi ndi mlangizi wa zaumoyo, kufotokoza mofatsa munda ndi munda. Amayi ankaseka atagwira pakamwa. Amuna ankamvetsera mwaulemu, kumuthokoza, kenako nkuweramiranso mpunga wawo. Masiku adapita, katoni ili chidzazire ndi timabotolo touma.

Tsiku lina ndidapita pa bawo, pansi pa mtengo wa mango pafupi ndi chigayo. Pamenepo padali alamu anga, mchimwene wa mkazi wanga, amene kwa mwanayo ndi malume ake. Munthu ameneyu lilime lake ndi lumo.

"Alamu, takhalani apa," adatero. "Dokotala wanu uja ndi ameneyu? Ife timadikira jakisoni, iye akutipempha mikodzo."

Anthu adaseka.

"Zaka zonsezi ku yunivesite, kuphunzira kununkhiza zimenezi? Mukadanena, tikadamuphunzitsa konkuno kuseri kwa bafa, mwaulere."

"Alamu, samalani pakamwa," ndidatero.

"Ndikusamala kumene. Afuna atimange sikimu yonse, akazi athu azilira? Ngati nzabwino, ayambe bambo akeyo. Apereke wawo kwa mwana wawo, ife tione."

Ankadziwa chimene akunena. Bambo sangapatse mwana wake wamkazi chinthu choterocho, ngakhale kabudula wake weniweniyo mwana wamkazi sachapa. Ndidakankha bawo ndi phazi, nkhomo zonse mbwee m'fumbi, nkunyamuka.

Mkwiyo wonse ndidakautulira kunyumba. Ndidamupeza mwanayo pakhonde akulemba manambala pa timabotolo take.

"Wandivula pagulu! Anzako akuphunzira kuchiza anthu, iwe wasankha zonyansa. Sukadasankha malungo? Magazi a pachala anthu amapereka osadandaula!"

Sadalire. Mwana ameneyu adatengera amayi ake, sakweza mawu.

"Ababa, nthawi yosintha idatha. Timabotoloti tikabwerera chonchi, ine chaka chino sindimaliza. Anzanga adzavala magauni, ine ndili pano."

Adanyamula katoni yake nkulowa m'nyumba. Ndidatsala ndikulankhula ndekha ngati wailesi. Apo mkazi wanga adasiya kupeta mpunga, nkuyandikira kuti mwana asamve.

"Inu abambo, mukukalipira ndani?"

"Musandiyambe, amayi."

"Ayi, ndingofunsa. Makabudula anu amachapa ndani? Madontho aja ndakhala ndikuwaona chikwatiwire. Ndipo mukamabuula kuseri mutagwira chinena, mumayesa mpanda uli ndi makutu ogontha? Mwanayu sangakufunseni, ndi mwana. Ndiye ndakufunsirani ine."

Mkazi wanga adalowa m'nyumba, adatuluka ndi kabotolo kamodzi, nkukaika m'thumba la jekete langa lopita nalo kumunda. Adangowonjeza kuti mwana akuti mkodzo wake ukhale wa masana dzuwa lili paliwombo, munthu atagwirako ntchito, chifukwa ndi pamene mazira a tizilomboto amatuluka ambiri.

Ndisaname kuti adandigonjetsa ndi nzeru za sayansi. Chimene chidandidzutsa m'mawa mwake ndi mawu a alamu aja, oti ayambe bambo akeyo. Adandiyesa wamantha pamaso pa anthu, ndipo adayesa mwana wanga choseketsa.

Tidali mkati mowokera. Dzuwa litafika pamutu ndidatuluka m'matope, ndidapita kuseri kwa bango, nkubwerako kabotolo kali m'manja. Sindidakabise. Ndidakakweza m'mwamba ngati tikiti ya basi, nkuyenda pa mlambala wa ngalande yaikulu pomwe aliyense adandiona. Nditafika pa munda wa alamu ndidaima.

"Alamu! Mudati ayambe bambo ake. Onani bwino, musadzati ndidatunga m'ngalande!"

Akazi awo adakhala pansi m'madzi ndi kuseka. Alamu adangoti kukamwa yasa, mbande za mpunga zili m'manja.

Ukali udandiperekeza mpaka pa khomo la chipatala, pamenepo nkundithawa. Ndidayamba kuganiza kuti ndikampatsa bwanji mwana wanga m'manja. Ndidalowa m'kachipinda ka labu. Mudali bambo wina wa pachipatalapo amene ankamuyang'anira, ndi mwana wanga atavala khoti loyera ndi magolovesi. Bamboyo adaona kuvutika kwanga, adandilozera thireyi pa tebulo kuti ndiike pamenepo. Mwanayo sadandiyang'ane kumaso. Adayang'ana nambala ya pa kabotolo, nkunena ndi mawu a ntchito amene ndidali ndisanawamvepo:

"Muno mulibe bambo wa munthu. Muli nambala basi. Dikirani panja, bambo."

Mwana wanga kunditcha bambo ngati mlendo! Ndidafuna kukwiya, koma ndidapeza kuti mapewa apepuka. Ndidakhala pa benchi pakati pa amayi a sikelo, matope akuuma m'miyendo.

Patapita nthawi adasuzumira pakhomo. "Ababa, mukufuna kuona?"

Adandiphunzitsa kuika diso pa makina aja. Poyamba ndidangoona kuwala ndi nsidze zanga. Adapotoza kagudumu pang'ono, ndipo chinthu chidatulukira. Chidali ngati njere ya mpunga yosapuntha, chokhala ndi kaminga kumapeto. Pambali pake padali china, ndi chinanso. M'kati mwa chimodzi mudali kanthu kakugwedezeka.

"Chamoyo?" ndidafunsa.

"Chamoyo. Amenewo ndi mazira. Makolo ake ndi nyongolotsi zokhala m'mitsempha ya chikhodzodzo. Kaminga ako ndi kamene kamakanda potuluka, nchifukwa chake magazi. Akagwera m'madzi amaswa, tizilombo nkulowa mu nkhono zija za m'ngalande, kenako nkutuluka kudzaboola khungu la munthu wowokera."

Ndidagwira tebulo. Kuyambira unyamata ndinkanyamula alendo amenewa, kuwadyetsa, kuwatcha kukula.

"Ndiye ndipatse mankhwala," ndidatero.

"Ine sindipereka mankhwala, ababa. Ndalemba zimene ndapeza. Pitani nazo khomo lachiwirilo kwa adokotala."

Pa khomo lachiwirilo adokotala sadandifunse zambiri. Adawerenga zimene mwana wanga adapeza, adandiyeza pa sikelo, nkundipatsa mapiritsi akuluakulu oyera, owawa ngati ndulu, kuti ndimwe nditadya. Ndili m'njira ndidazindikira chimene mwanayo ankandiuza zaka zonse zija. Adokotala aja adandikhulupirira chifukwa cha diso la mwana wanga. Popanda iye akadangondipatsa panado.

Mankhwalawo adandizunguza mutu tsiku lonse, ndidatukwana aliyense amene adadutsa pakhomo. Koma patapita milungu, kuwawa kwa pachinena kudazilala, ndipo ndidaona mkodzo woyera koyamba chikulire. Ndidaima kuseri kuja nthawi yaitali ngati munthu woona chozizwitsa.

Sindidadikire zonsezo kuti ndibwerere pa bawo. Chizungulire chitangotha ndidapita, ndidatola ndekha nkhomo zimene zidatsalira m'fumbi, nkuwauza zimene ndidaona, kaminga ndi kugwedezeka komwe. Wina adafunsa ngati kunyumba zinthu zikadali bwino, poti mkodzo wanga udapita kwa eni. Ndidamuuza kuti akafunse mkazi wanga ngati ali ndi mtima. Ndidawauzanso kuti pa kabotolo salembapo dzina, ndipo akamaliza amataya m'chimbudzi cha chipatala, wofuna akaonerere.

Adayamba kubwera mmodzimmodzi, ena mozemba, ena awiriawiri akutukwanizana. Si onse ayi. Alipo mpaka lero amene amati ine adandipusitsa ndi galasi. Koma katoni ija idapepuka, ndipo timabotolo tidakwana holide isanathe. Alamu anga adabwera kumapeto, kabotolo atakakulunga m'mpango nkubisa m'chipewa. Pa khomo la labu adakumana ndi ine.

"Si wanga uwu, alamu. Wandituma mnzanga wa ku Kandeu."

"Ku Kandeu kumapiri kuja adayamba liti kulima mpunga?" ndidafunsa.

"Inu, tandipatsani njira."

Mwana wanga adabwerera kusukulu, adalemba kafukufuku wake, adakaimirira pamaso pa aphunzitsi ake kuyankha mafunso, nkukhoza. Tsiku lovala gauni ndidakhala m'holo ndi jekete lomwe lija, amayi ake atalichapa ndi kulisita. Atatchula dzina lake amayi ake adaliza nthungululu. Ndimathokoza mkazi ameneyu amene adandifunsa za makabudula, ndi bambo wa ku labu uja amene adandilozera thireyi osanena kanthu. Ngakhale alamu ndimawathokoza, pakuti akadapanda kunditosa, kabotolo kaja kakadaolera m'thumba.

Lero mwanayo amagwira ntchito mu labu ya chipatala china kutali ndi kuno. Ine mpunga ndikulimabe, m'madzi ndimalowabe, ndipo iye amati tizilomboto tikhoza kubwerera, choncho ndimakayezetsa popanda wondikankha. Munthu akandifunsa kuti dokotala wanu ali bwanji, ndimamudula pomwepo kuti si dokotala, ndi wa ku labu, ndipo akapitiriza ndimamufotokozera mpaka atatopa.

Chinthu chimodzi chokha chimandipsetsabe mtima. Ndamufunsa kangapo konse kuti m'kabotolo ka malume ake mudapezeka chiyani. Amangoti, "Ababa, ine malume sindidawayeze. Ndidayeza nambala."