Funso la Panjira Pochokera ku Zemba

Ndinanyamuka ku Chipata m'mamawa, nyengo yothyola thonje, mphepo ikuluma m'makutu. Minibasi ya ku Chadiza inali itadzaza kale, koma kondakitala anati malo alipo, ndipo anandipanikiza pakati pa thumba la mchere ndi mayi wina wonyamula atambala awiri. Ndinalipira makwacha zana limodzi. Atambalawo anayenda ulele, chonsecho ndiwo anakhala motakasuka kuposa tonse.

Ndinali pa kafukufuku wa maphunziro anga a ku yunivesite. Ndinkafuna kumva kwa amayi akumudzi za kulera: momwe amasankhira njira, ndi amene amakambirana naye. Asanandilole kupita, aphunzitsi anandipanikiza ndi mafunso a momwe ndidzasungire chinsinsi cha anthu. Ndinayankha bwino, ngati pamayeso.

Tinafika pa boma dzuwa litakwera. Ndinamwa tiyi ndi zitumbuwa pamsika, kenako ndinakwera njinga yamoto yopita ku Zemba. Msewu unali wafumbi, wodutsa m'minda ya thonje loyera ndi m'mapesi a chimanga. Woyendetsayo anandisiya pa kachipatala nalonjeza kudzanditenga masana.

Linali tsiku la sikelo ya ana, choncho amayi anali ambiri. Anesi a pamenepo, amai Tembo, anandipatsa kachipinda kakumbuyo. Mayi aliyense wolowa ndinkayamba ndamuuza kuti ali ndi ufulu wokana, kuti angathe kulekeza pakati, ndi kuti zimene anene sadzazimva wina aliyense, kaya mwamuna wake, kaya anesi. Wina anakana n'kutuluka. Ena analola kuti ndijambule mawu awo pafoni, ndipo anayankhula motsitsa, maso ali kukhomo.

Dzuwa linapendeka, wanjinga uja osaoneka. Ndinapita pa kagolosale ka pafupi kukafunsa. Bambo wina wamtali, wovala jekete lachikopa, anadzuka pabenchi.

"Ku boma, amadamu? Tiyeni. Nanenso ndikupita komweko."

Ndinakwera njinga yake yamoto ndi mtima woyamika. Tinadutsa sukulu, tinadutsa mudzi wina, tinapatukira ngolo yodzaza mabelo a thonje. Titatsikira kudambo, kumene kunalibe nyumba ngakhale imodzi, bamboyo anachepetsa liwiro.

"Ndinu amene munali kuchipatala kufunsa azimayi?"

"Ndine, abambo."

"Mkazi wanga analowa m'kachipinda kaja. Anthu anamuona. Wakuuzani chiyani?"

Ndinagwiritsitsa chitsulo cha kumbuyo kwa mpando.

"Ndayankhula ndi amayi angapo. Sindingatchule amene ndayankhula naye, kapena zimene wanena."

Anaimitsa njinga, nazimitsa injini. Kunangoti zii, kupatula udzu wouma ukuwayula ndi mphepo. Anandiuza kuti nditsike, ndipo nayenso anatsika n'kuima pakati pa ine ndi msewu wa ku boma.

"Mwana wathu womaliza wayamba sukulu, wina osabwera. Abale anga akundiseka. Ine ndikufuna mawu amodzi. Amabayitsa jekeseni kapena ayi?"

Ndinaganiza zongonena kuti ayi, kaya n'zoona kaya n'zabodza, kuti ndipulumuke. Koma ndinaona kumene zikanathera. Mawa lake akanakauza anzake pagolosale kuti mtsikana wa kafukufuku uja amayankha ukamufunsa bwino, ndipo mwamuna aliyense akanafuna yankho lake. Amene ndikanakana kumuyankha akanadziwiratu kuti pali kanthu.

"Abambo, sindinganene kuti inde, sindinganene kuti ayi. Ndinalonjeza aliyense chimodzimodzi. Mukanakhala inu mwandiuza zanu, akazi anu sakanazimva kwa ine."

"Ndamva kuti mumajambula mawu. Bweretsani foniyo."

Anatambasula dzanja. Ndinayang'ana uku ndi uku: thonje, chulu, msewu wopanda munthu. Foni inali yokhoma ndi nambala yachinsinsi, koma ndinadziwa kuti nambala imatuluka munthu akakupotokola mkono.

"Foni mungathe kundilanda, mphamvu muli nazo," ndinatero. "Koma sinditsegula. Ndipo amai Tembo akudikira kuti ndiwaimbire ndikafika. Pagolosale paja anthu aona amene wandinyamula."

Maso ake anali ofiira, sindikudziwa ngati linali fumbi kapena china. Anasendera pafupi mpaka ndinamva fungo la fodya m'jekete lake. Ndinatseka maso kudikira khofi.

Khofilo silinabwere. Ndinamva malovu akugwa pansi, kenako injini ikulira.

"Anthu a sukulu inu mumabwera kudzapasula mabanja," anatero. "Yendani wapansi."

Anatembenuza njinga. Sanalowere ku boma. Anabwerera ku Zemba.

Apa mantha anga anasintha. Ine ndinali nditapulumuka, koma mkwiyo umene ndinauzemba unali kuthamangira kwa munthu wina. Ndinatulutsa foni, netiweki panalibe. Ndinathamanga kukwera pachulu, minga ikundikala m'miyendo, ndikukweza foni m'mwamba mpaka kamzere kamodzi kanaoneka.

"Amai Tembo, bambo wa jekete lachikopa amene anandinyamula pagolosale akubwerera kumeneko atakwiya. Akufuna kudziwa za akazi ake. Sindinamuuze kanthu, ndipo inunso sindikuuzani kanthu. Koma chonde, pakhomo pakepo pakhale anthu."

"Ndamudziwa," anayankha. "Ndipita ndi amai a tcheyamani a ku tchalitchi, ngati tikukaona mwana. Inu muli kuti?"

"Pachulu."

"Tsikani, mungalumidwe ndi njoka. Yendani, magalimoto a thonje amadutsa."

Ndinayenda mtunda ndithu, ndikucheukacheuka. Kulira kulikonse kwa injini kunkandiimitsa mtima. Kenako lole ya thonje inaima, ndipo woyendetsa, bambo wachikulire wa imvi, anandilola kukhala kutsogolo.

"Mwana wanga, mwatuwa ngati mwaona chilombo. Chachitika n'chiyani?"

"Wanjinga wandisiya panjira."

"Anyamata a masiku ano," anapukusa mutu, nandipatsa nsawa zokazinga za m'kapepala. Ndinangozifumbata m'manja.

Tinalowa pa boma dzuwa likufiira. Minibasi yomaliza ya ku Chipata inali itapita, choncho ndinapeza chipinda pa nyumba ya alendo pafupi ndi msika. Ndisanavule n'komwe nsapato, foni inalira. Anali amai Tembo.

"Tinamupeza atakhala pakhonde, akazi ake akusenda nsawa. Tacheza mpaka wapita kukamanga mbuzi. Lero palibe chachitika."

"Nanga mawa?"

"Mawa ndidutsakonso. Koma inu, ulendo wina musadzagwiritse ntchito kachipinda kaja. Khomo lake limaonekera pagolosale."

Ndinakhala pabedi, miyendo ikutuluka magazi pang'ono m'mikwingwirima ya minga. Kusukulu tinaphunzira kubisa maina ndi kukhoma mafoni. Palibe anatiuza kuti kumudzi khomo nalo limaulula, ndi kuti lonjezo limene umapereka utakhala pampando udzalisunga utaima pathengo, wopanda wokuthandiza. Nditabwerera ku Chipata ndinafotokozera aphunzitsi zonse, ndipo tinaimitsa kafukufuku mpaka titapeza malo amene mayi angalowe popanda wina kudziwa chimene walowera.

Anzanga amene ndinawasimbira nkhaniyi onse anafunsa funso limodzi: nanga mayiyo, ankabayitsa kapena ayi? Mwina nanunso mukufunsa. Yankho langa ndi lomwe lija la kudambo.