Chithunzi chopanda nkhope

Pamwamba pa nyumba yosanja imene tinkachita lendi ku Dennistoun, mumzinda wa Glasgow, pankakhala mkulu wina wa ku Denmark, wojambula zithunzi ndi penti. Anabwera ku Glasgow kalekale, ati ankatsatira kuwala kwa kuno. Kuwala kwake kuti, poti dzuwa la kuno limangosuzumira n'kuthawa? Nditamva zimenezo ndinangoti munthuyu tizimuyang'anitsitsa.

Tsiku lina nditaweruka kuntchito, kunyumba yosamalira okalamba, ndinakhala pa masitepe kuti ndipume, miyendo itatupa. Iye akutsika anaima n'kundiyang'ana mpaka ndinakoka siketi kuphimba mawondo. Kenako anandipempha kuti ndikaweruka ndizikwera kwake, ndizikangokhala pa mpando iye azindijambula.

Ndinavomera. Chifikireni m'dziko muno palibe amene anali atandiuzapo kuti khalani pansi, musagwire kanthu. Koma sindinapite ngati chitsiru. Jekete sindinkavula, chitseko ndinkasiya chotsegula, tiyi wake sindinkamwa. Tsitsi langa likagwera pa mpando ndinkalitola n'kuika m'thumba, chifukwa mzungu kaya si mzungu, tsitsi sitisiya kwa munthu wosamudziwa. Iye ankangosakaniza penti, kuyang'ana ine, kuyang'ana nsalu yake yojambulapo. Ndikamanyamuka ankachitembenuzira kukhoma chithunzicho, ati sichionedwa chisanathe. Nanga akubisa chiyani? Funso limenelo ndinkatsika nalo masitepe tsiku lililonse.

Abambo akunyumba ndinawauza poyamba pomwe, iwo n'kungoti chabwino. Koma nkhani inafika kutchalitchi, ndipo amayi akumeneko pakamwa pawo sipayima ntchentche. Mmodzi ananong'oneza amuna anga kuti azungu ojambula amajambula akazi ali maliseche, ndiponso kuti mayi wapabanja sakhala m'chipinda ndi mwamuna wina masana onse. Abambo anayamba kusiya chakudya m'mbale, pogona kundifulatira. Ndinachita mantha, ndinaona kuti banja langa likupita.

Ndinakwera pamwamba nditapsa mtima, n'kumuuza mkuluyo kuti chithe chisathe, amuna anga achione chithunzicho Loweruka. Mtima unali m'malo. Ndinkati akakandiona ndili ndi jekete langa lobiriwira, duku kumutu, manyazi awagwira okha.

Loweruka tinakwera tonse awiri. Mkuluyo anachitembenuza monyadira. Mayo ine! Munalibe munthu. Mizere yakuda yokhotakhota, chigamba chofiira, china chachikasu pambali, ngati mwana wataya penti. Nkhope ayi, duku ayi, jekete ayi. Anayamba kufotokoza kuti iye sajambula nkhope, amajambula kulemera kwa thupi la munthu wotopa, ndipo kuti iye ndi anzake kwawo anasiya kalekale kukopera zimene maso akuona. Ndinalakalaka kumuponyera chitini cha penti kumaso.

Abambo anayang'ana chithunzicho, n'kuyang'ana mpando, n'kuyang'ana ine. Anafunsa motsitsa mawu:

"Ndiye miyezi yonseyi mumatani muno?"

Ndinalumbira, ndinalira, ndinamuuza mkuluyo kuti ajambule china choonekera. Anakana, ati bodza sajambula. Nkhani ya banja langa sinamukhudze n'komwe, ankangosilira chigamba chake chofiiracho. Mpaka lero ndimakayika ngati sankadziwa chimene akundichita.

Sindinakwerenso kwake. M'nyumba mwathu munazizira, tinkangolankhulana za ana zokha. Patapita nthawi chithunzicho chinakaikidwa pa chionetsero m'tauni, ndipo abambo anapita okha osandiuza. Anthu ena onse ankadutsa n'kumangoona mitundu ya penti. Ndinamva pambuyo pake kuti iwo anaima pamenepo mpaka otseka pakhomo anawatulutsa. Atabwera anandipeza ndikusita yunifolomu.

"Ndakuonani m'chithunzi muja," anatero. "Simunavale."

Sabata yomweyo anatenga zovala zawo n'kusamukira kwa mbale wawo ku Sighthill.