Timbewu Towala ndi Ludzu

Pawindo la chipinda chathu ku Bertrams, mumzinda wa Joni, pankakhala kambale kapulasitiki koonekera mkati, kong'aluka chivindikiro. Amayi ankasungamo masingano. Anakatola ku yunivesite kumene ankatsuka mabotolo ndi kuthirira mbewu za akatswiri ofufuza.

Chaka chimenecho n'kuti nditangofika ku Joni kuchokera ku Ntcheu, kumene amayi anandisiya kwa amalume zaka zinayi. Ndinali ndi zaka khumi. Ndinkasesa osatumidwa, ndinkagwada popereka kapu ya tiyi. Amayi ankathokoza, koma akangovula nsapato, nkhani inkakhala ya timbewu tawo.

Ankati akatswiriwo anatenga kanthu m'thupi la kanyama kowala ka m'nyanja yamchere n'kukaika m'timbewumo. Kambewu kakamva ludzu, mizu yake inkawala mobiriwira akaiunika ndi nyali yabuluu, masamba asanayambe n'komwe kufota.

"Ana anga aja lero awala," ankatero, maso ali pakhoma.

Mawu akuti ana anga ankandibaya. Lero ndingavomere kuti ndinkachitira nsanje udzu. Timbewuto tinali ndi njira yoitanira amayi osatsegula pakamwa. Ine wamanyazi ndinalibe.

Mu Novembala, malata akuotcha, ndinasiya kumwa madzi kuti ndione ngati amayi angazindikire. Tsiku loyamba sanaone kanthu; anakamba za timbewu n'kugona. Lachiwiri lilime linauma ngati chikopa, mutu ukugunda, mpaka aphunzitsi anandikhazika pamthunzi. Ataweruka, amayi anandigwira chibwano n'kuyang'ana milomo yanga yong'aluka.

"Iwe, madzi wamwa liti?"

Anandimwetsa okha makapu awiri, dzanja lawo lonunkha jiki lili pankhongo panga. Mumtima ndinasangalala kuti udzu uja ndaugonjetsa.

Panapita zaka ndisanamve bwino za ntchito yawo. Timbewu tinkawalato tinali ta m'mathireyi omatidwa tepi yofiira, amene amayi analetsedwa kuthirira, chifukwa akatswiri ankafuna kuona mmene ludzu limayambira. M'mawa uliwonse ankadutsa pamenepo kheni ya madzi ili m'manja, ankathirira mathireyi enawo, n'kupitirira.

Ine ndinkaganiza kuti akuti ana anga chifukwa anandiiwala. Sindikanatha kumvetsa kuti kudziwa kuti mwana ali ndi ludzu, manja ako osamufikira, ndi zimene amayi anali atadutsamo kale zaka zinayi zija ndili ku Ntcheu.