Kompyuta yatsopano yaiwala maso a Nambewe

Lachiwiri lapitali ndinakwera kabaza kupita kusukulu ina ya sekondale kufupi ndi Chisepo, kukaona mnzanga wa paubwana, a Nambewe. Iwo ndi amene amataipa mayeso pasukulupo. Ndi achialubino, ndipo maso awo saona patali chibadwire. Akamagwira ntchito, mphuno imatsala pang'ono kugunda galasi la kompyuta.

Ndinawapeza atagwira njakata. Patebulo panali kompyuta yatsopano, yopyapyala, yonyezimira ngati mbale ya alendo.

"Mwalemera kuno," ndinawaseleula.

"Alemera ndi ena, achimwene. Ine andichotsa ntchito osandiuza."

Kompyuta yakale ija, yachimutu chachikulu, inali itakonzedwa molingana ndi maso awo. Zilembo zinali zoyera, zikuluzikulu ngati za pathumba la feteleza, kumbuyo kwake kuli kwakuda, ndipo paliponse pamene aloza pankakula. Yatsopanoyi yabwera ndi kaonekedwe kena. Galasi lonse ndi loyera mbee, kuwala kobaya m'maso, tizilembo tating'onoting'ono. Chokulitsira zilembo chija chikukana kutseguka. Katswiri wa ku Lilongwe amene anadzaiyika, bambo waulemu wake ndithu, anangoti, "Mayi, mbali imeneyo okonza ake sanaimalize. Idzabwera m'tsogolo muno."

M'tsogolo mwake liti? Mayeso a teremu ali pakhomo, ndipo ahedi ayamba kale kunena zoti mphunzitsi wina aziwathandiza kutaipa. Inu ndi ine tikudziwa kumene thandizo lotero limathera. Lero akukuthandiza, mawa mpando ndi wake.

Mtima wanga unathawira kumapiri a Ntchisi, kusukulu ya mishoni kumene ine ndi a Nambewe tinaphunzira Sitandade 4. Nthawi imeneyo tinkangowatchula kuti Esinati. Aphunzitsi athu, a Chimphamba, anali ndi makhalidwe awiri amene ankatisowetsa mtendere. Lachisanu lililonse ankatisinjitsa makala ndi masamba a mbatata, n'kupaka bolodi mpaka lide bii. Tinkafika kunyumba manja ali akuda, amayi akukalipa. Khalidwe lachiwiri linali loti akamalemba pabolodi ankatchula mokweza liwu lililonse, ngakhale mpatuliro ndi mpumiro womwe. Tinawapatsa dzina loti Wailesi.

Sitinkadziwa kuti wailesiyo inkaulutsira munthu mmodzi. Tinadzazindikira iwo atadwala, kutabwera mphunzitsi wina amene ankalemba mwakachetechete pabolodi lotuwa. Sabata yonse kope la Esinati linali lopanda kanthu. A Chimphamba atachira, wailesi inatsegukanso, ndipo palibe amene anasekanso.

Ndimazisowa nthawi zimenezo, sindibisa. Tinalibe magetsi, tinalibe nsapato, koma munthu asanayambe kulemba ankayamba watembenuka kuona amene akhala m'kalasimo. Kutchalitchi nakonso kunali chimodzimodzi. Mkulu wa mpingo ankayamba watchula mzere wa nyimbo, kenaka mpingo n'kuimba, kuti wosaona ndi wosadziwa kuwerenga asatsale. Palibe ankati ndi chifundo. Kunali kuimba kwake basi.

Lero tazolowera kumanga kaye, n'kudzakumbukira anthu pambuyo. Ofesi imatha, riboni n'kudulidwa, kenaka wina n'kufunsa kuti wa panjinga ya olumala adzera pati. Tchalitchi chimagula makina oonetsera nyimbo pakhoma, agogo a kumbuyo n'kumangogwedeza milomo. Kodi womanga nyumba amayamba wafolera, khomo n'kudzaboola chaka chamawa?

Sindikudana ndi zatsopano ayi. Makompyuta akale aja ankazimazima, ndipo kuwasintha kunali koyenera. Ndamva kuti komiti ya sukulu inakambirana za tebulo, za loko, ngakhale za nsalu yovundikira fumbi. Munthu yekhayo amene amakhala pakompyutapo tsiku lonse sanamuitane. Akanangofunsa kuti, "A Nambewe, inu mumaona bwanji?" katswiri uja akanayesa zonse asanazule yakaleyo. Safunsa anadya phula, koma apa phulalo akudya ndi amene sanafunsidwe.

Okonza makinawa, kulikonse kumene muli, nanunso ndikufunseni: mukamati chinthu chatha koma wofooka maso sangachigwiritse ntchito, chathera yani?

Ndisanatsanzike, a Nambewe anandikokera mpando. "Tandiwerengerani zimene zalembedwa apa, mwina ndiyambeko pepala la Chichewa."

Ndinayamba kuwerenga mokweza. Mosadziwa ndinapezeka ndikutchula mpatuliro ndi mpumiro womwe. Iwo anaseka mpaka kupukuta misozi.

"Wailesi yabweranso," anatero.

Tinamaliza tsamba limodzi, zala zawo zikuthamanga ngati kale. Kenaka analeka, n'kuyang'ana kunja kumene wakabaza ankandidikira.

"Inu mukupita kwanu, achimwene. Nanga mawa andiwerengera ndani?"