Nsalu Yoyera ya Agogo Anaphiri

Ndikakumbukira agogo Anaphiri, ndimamva fungo la fodya wamuwisi m'chigafa, utomoni wake utawadetsa zala, singano ikulowa ndi kutuluka m'masamba, iwo akukalipira nkhuku, mvula, ngakhale mphepo imene. Sanali munthu wofatsa agogo anga. Tinkakhala pa esiteti ina kufupi ndi Nathenje, moyandikana ndi Che Amidu ndi akazi awo Abiti Saidi, Asilamu ochokera ku Mangochi, matenanti ngati ife tomwe.

Ubwenzi wa amayi awiriwa unayamba ndi mkangano. Tsiku lina masana agogo anatumiza maungu ophika kwa Abiti Saidi, mbale n'kubwerera yosakhudzidwa. Ananyamuka okha, manja ali m'chiuno.

"Kodi mwamva kuti ndine mfiti?"

Abiti Saidi anaseka mpaka misozi. "Ayi amama, tikusala kudya mwezi uno. Mubwere nawo dzuwa likalowa."

Kuyambira pamenepo ankasokera fodya pamphasa imodzi, wina akung'ung'udza nyimbo za kutchalitchi, wina za Chiyawo, kwinaku akujeda limodzi kapitawo.

Chaka chachitatu Abiti Saidi anadwala malungo, n'kumwalira m'mamawa. Mwambo wawo umafuna kuti aikidwe tsiku lomwelo, atasambitsidwa ndi akazi anzawo ndi kukulungidwa m'nsalu yoyera. Shehe anabwera panjinga kuchokera ku Mitundu, koma pa esiteti yonse panalibe mkazi wina wachisilamu. Amayi a mpingo wathu anangokhala pansi pa mtengo wa mango, akuyang'anana.

Agogo anadzuka. "Munthu ndadya naye mbale imodzi zaka zitatu, apite ndi thukuta la kumunda?"

Analowa m'nyumba. Shehe anaima kuseri kwa mpanda akuwauza zochita: yambani mbali ya kumanja, thirani katatu. Nsalu ya Che Amidu inaperewera. Agogo anakatenga yawo yoyera, imene anaisungira kuti asoketse yunifolomu ya amayi a mpingo.

Lamulungu lotsatira mkulu wa mpingo anawaimitsa pamaso pa anthu.

"Mayi Anaphiri, nsalu ya mpingo mwaikwirira ndi Msilamu, mwamveranso mawu a shehe. Pepesani, apo ayi mudulidwa."

"Dulani, bambo," anatero agogo. "Koma muyambe mwandiuza, maliseche a Msilamu ndi a Mkhristu amasiyana pati?"

Anawaduladi, n'kuwaletsa mgonero. Zinawapweteka, ndisaname. Ndinawapeza akulira kuseri kwa chigafa, munthu amene sanajombepo kutchalitchi chibatizidwireni. Koma Lamulungu lililonse ankafika woyamba, n'kukhala pabenchi ya kumbuyo atavala chitenje wamba, akuimba mokweza kuposa kwaya yonse. Kupepesa ayi. Patapita miyezi, akulu a mpingo anatopa okha n'kuwabwezera.

Mpaka lero zimandipsetsa mtima kuti onse okhala pansi pa mango paja anatuluka oyera, wodulidwa n'kukhala amene anagwira ntchito. Ine ndine Mkhristu, yunifolomu ndimavala, koma liuma la agogo ndinatengera lonse. Chaka chatha mwana wanga wamwamuna anabwera ndi mtsikana wachisilamu kudzationetsa. Alongo anga anati akakwatira ameneyo, iwo kuukwati sapondako. Ndinawayankha kuti asavutike, mpando wawo tipatsa wina. Ukwati unachitika, ndipo pampandopo panakhala munthu.