Anandiyesa Wakuba Mwana Wanga Yemwe pa Golomoti

Zinayamba m'mwezi wa Okutobala chaka cha 2018, tsiku la msika pa Golomoti, cha m'ma 11 koloko m'mawa. Ine si munthu wolankhulalankhula, ndipo amene amandidziwa angakuuzeni kuti sindikometsera nkhani. Zimene ndikulembazi zinachitikadi, anthu amene analipo akadali moyo, ena ndimawagulabe tomato mpaka lero, n'chifukwa chake sinditchula dzina la munthu.

Ndimalima mpunga ku sikimu ya Bwanje, ndipo chaka chimenecho ndinagula kagalimoto kakale kochokera ku Japan, kamagalasi akuda. Ndisanayambe kukwezamo mwana wathu wamkazi, ndinapita ku kaunjika ku Lilongwe kukasaka mpando wa ana womangirira m'galimoto. Ndinali nditaonapo ndi maso angawa minibasi itagunda ng'ombe pamsewu wathu wa talawu, mwana n'kuchoka m'manja mwa mayi ake kukamenyetseka kutsogolo, pamene mayiyo anali atamukumbatira ndi manja onse awiri. Choncho ndinasankha mofatsa: wina wong'aluka kumsana ndinausiya, wina wa malamba othetheka ndinausiyanso, mpaka ndinapeza wolimba. Ndinauika pampando wakumbuyo, ndinapisa lamba wa galimoto m'mabowo ake, n'kuukanikiza ndi bondo kwinaku ndikukoka lambayo mpaka utasiya kugwedera.

Kwawo kwa akazi anga mpandowu sanaulandire, makamaka mlamu wanga, mchimwene wawo wamkulu, yemwe ndi mwini mbumba. Tsiku lina tikupita kumaliro ku Mtakataka galimoto inadzaza, ndipo iye anafuna kuti ndichotse mpandowo akhalepo, mwana akhale pamiyendo monga amachitira aliyense. Ndinakana. Anandifunsa kuti kodi mkamwini wayamba liti kumanga mwana wa eni ake ngati mbuzi yopita kumsika, anati galimoto yabwera dzulodzuloli koma pulasitiki yayamba kale kuposa munthu wamkulu ulemu. Anakwera minibasi, ndipo kuyambira pamenepo moni wanga ankangoyankha ndi mutu. Kenaka ndinamva kuti m'mudzi akuti mpandowo ndi chizimba, ndikukhwimira mwana kuti mpunga uzindiyendera, eti n'chifukwa chake sindilola munthu wina kukhala pamalopo.

Tsiku ndikunenali akazi anga anali kuchipatala ku Mua kudwazika apongozi anga, ndiye ndinanyamuka ndi mwana kuti akaone mayi ake. Anali ndi zaka ziwiri ndi miyezi ingapo, ndipo ana a msinkhu umenewo amakula iwe osazindikira. Mapewa ake anali atapitirira mabowo amene malamba ankatulukira, moti malambawo ankamupanikizira pansi. Kutentha kwa kuno mwezi umenewo mukukudziwa. Analira kuchokera pakhomo, ndipo nditafika pa Golomoti ndinaima pambali kuti ndikweze malamba m'mabowo apamwamba. Ntchitoyo ndinaimaliza bwino, koma mwana anakana kubwereramo. Anaumitsa thupi ngati thabwa, akukuwa kuitana mayi ake, ine n'kumamukanikiza pamimba pang'onopang'ono kuti apinde ndimumange.

Tsopano taganizani zimene anaona munthu wodutsa: galimoto yamagalasi akuda, mwamuna ali yekha, akumanga mwana yemwe akulirira mayi ake, komanso masiku amenewo kunali mphekesera za anthu oba ana. Amene anayamba kukuwa ndi mayi wina wogulitsa nthochi. Ndisanatseke n'chitseko chomwe ndinangoona anthu andizinga mbali zonse, bambo wina wandevu n'kusolola makiyi. Ndinawauza kuti mwanayo ndi wanga, iwo anaseka, ati wakuba aliyense amatero. Wina anati ngati ndi wanga ndikumumangiranji, kodi akufuna kuthawa bambo ake omwe? Wina anati mwanayo ndi woyera, ine wakuda ngati kunsi kwa mphika, tafanana pati? Anamufunsa mwana kuti uyu ndi ndani, koma mwana wa zaka ziwiri atazingidwa ndi nkhope zolusa angayankhe chiyani? Anangowonjezera kulira, iwo n'kumati mwamva nokha, sakumudziwa.

Mwala unaswa galasi lakumbuyo, zidutswa n'kugwera pamutu pa mwana. Ndinadziponya m'kati kumuphimba ndi thupi langa, ndipo zibakera ndi ndodo zinayamba kugwa pamsana. Ndili chomwecho ndinamva wina akuitana ogulitsa petulo wa m'mabotolo, wina akuti pabwere tayala. Chimene ndinkangoganiza ndi ichi: akanayatsa galimotoyo, akanakumbuka kuyamba atulutsa mwana? Ndipo ndani mwa iwo ankadziwa podina kuti malambawo amasuke?

Atandikokera panja ndi miyendo, ndinaona mlamu wanga ataima pakhonde la golosale akutafuna mtedza. Maso athu anakumana. Ndinakuwa kuti alamu, auzeni anthuwa, koma sanasunthe. Anayamba wamaliza mtedza umene unali m'manja, anapukuta manja pathalauza, kenaka anabwera akuyenda ngati akupita kudimba. Anauza anthu kuti inde akundidziwa, ndine mkamwini kwawo, mwanayo ndi wa mlongo wake, koma anawonjezera kuti iyenso anandiletsa kale za zingwezi ine osamva, sukulu inandikwera m'mutu. Anthu anabwerera m'mbuyo, ena akuseka, ena akuoneka okhumudwa kuti zathera pomwepo. Wandevu uja anaponya makiyi pansi. Palibe ndi mmodzi yemwe amene anapepesa.

Ndinkaganiza kuti zatha, koma ayi. Mlamu anandilamula kuti ndimasule mwana, anamunyamula, n'kunena mokweza kuti iye monga mwini mbumba akamupereka yekha kwa mayi ake, ndipo anthu anavomereza kuti eya, atero malume. Anaitana kabaza wa njinga yamoto, anamukhazika mwana pakati pa iye ndi woyendetsa, onse opanda chipewa. Ndinamupempha, ndinagwada ndithu pafumbi anthu akuona, kuti akwere m'galimoto akhale kutsogolo. Anandiyankha kuti galimoto yanga ilibe malo a anthu ngati iye, ndinyamule pulasitiki yanga.

Kunena zoona, ndodo zija sizinandiopse ngati ulendo umenewo. Ndinkawatsata m'mbuyo, ndikuona kaphazi ka mwana wanga kakulendewera pafupi ndi tayala, mutu ukupendekera kumbali chifukwa anali atatopa ndi kulira ndipo tulo tinali titamugwira. Mlamu anamugwira ndi dzanja limodzi, linalo akundikupizira kuti ndidutse ndizipita. Kuliza hutala ndinkaopa, kuti woyendetsa angadzidzimuke. Tikuyandikira pokhotera ku Mua kunabwera lole yaikulu kuchokera kutsogolo, mphepo yake inakankhira njinga kumchenga wa m'mphepete mwa msewu, njinga inavina uku ndi uku, woyendetsa n'kumapalasa pansi ndi mwendo. Ndinaona mwana akutsetsereka, mlamu n'kumugwira ndi diresi, nsapato imodzi n'kugwera patala. Sindikudziwa kuti ndinakuwa mawu otani. Njinga inawongoka, ndipo anafika amoyo.

Kuchipatala akazi anga anaona malaya anga ong'ambika, anaona mwana wa nsapato imodzi, n'kumvetsera mchimwene wawo akufotokoza mmene wandipulumutsira. Mlamuyo anamaliza ndi lamulo lakuti mwanayo asadzakwerenso galimoto imeneyo. Akazi anga anangotembenukira kwa mayi awo amene anali gone pambali akudwala. Mwana anagona komweko, ine ndinabwerera ndekha.

Mpaka lero ndimakhulupirira kuti manja a munthu sangagwire mwana galimoto ikagunda, ngakhale akhale manja a malume ake. Koma inu amene mwagula mpando wotere, muziona mapewa a mwana kawirikawiri ndipo malamba muzikonzera pakhomo musananyamuke, osati pamsika. Muwaonetsenso achibale ndi oyandikana nawo mmene umamangidwira ndi mmene umamasulidwira, ngakhale akusekeni. Nanunso a pamsika, mukamva wina akukuwa kuti wakuba, yambani mwafunsa musanatole mwala, chifukwa tsiku lija mukanawotcha bambo pamodzi ndi mwana amene munkati mukumupulumutsa.

M'mawa mwake ndinasesa zidutswa za galasi, ndinakutumula mpando, ndinamatula zakuda zonse za m'mawindo ndi lezala, kumbuyo n'kutsekako ndi pepala lapulasitiki. Ndinamanganso mpando, ndinaugwedeza, n'kupita ku Mua. Mlamu ndinamupeza ali pachipata pamodzi ndi akazi anga atabereka mwana, ndipo sindinamupatse moni. Ndinatsegula chitseko chakumbuyo n'kuima pambali. Akazi anga anayang'ana mchimwene wawo kwa kanthawi, anamasula mwana kumbuyo, anamukhazika pampandowo, n'kundifunsa mokweza kuti bambo ake, lamba ameneyu amalowa pati. Ndinawalozera, ndipo anamanga okha. Mlamu atayamba kulankhula anamudula, anamuuza kuti achimwene, mbumba ndi yanu, koma amene anamva kuwawa pobereka mwanayu ndine. Ndinatseka chitseko n'kuliza galimoto.