Makaderno a Bambo Manueli Pansi pa Msuku

Bambo Manueli anali okonza njinga pakamsika kena ku Ngauma, m'mbali mwa msewu wochokera ku Mandimba. Sukulu analekezera kalasi yachitatu, koma kulemba ankakukonda kuposa fodya. Munthu akabwera ndi njinga yophulika tayala, iwo ankamata uku akufunsa: agogo anu anachokera kuti, dimba la kumtsinje anayamba kulima ndani, dzombe linagwa chaka chiti. Zonsezo ankazilemba m'makaderno, mabuku olembamo a ana asukulu, mpaka anakwana anayi.

Mu 1986 nkhondo itayandikira, aliyense anakwirira chimene sakanatha kusenza, ena mbale, ena makina osokera. Koma ankhondo anali atadziwa kale, ankangobaya ndi chitsulo paliponse pamene dothi lafewa. Bambo Manueli anakulunga makaderno awo m'machubu akale, anawaika m'lata, chitini chachikulu cha mafuta, chivindikiro n'kumata ndi phula la njuchi. Anakumba pansi pa msuku kuseri kwa munda wawo, pamwamba anaumba mtumbira ngati wa mwana, n'kuzikapo kamtanda. Ankadziwa kuti ngakhale wa mfuti sabaya manda. Sanauze munthu aliyense, anangonyamula banja ulendo wa ku Malawi.

Anabwerera kumapeto kwa 1992, mfuti zitangotonthola. Atafika pamsuku paja anapeza mitumbira isanu ndi inayi, yonse yosesedwa bwino. Anthu amene anatsala kubisala m'tchire sankafikanso kumanda akale chifukwa njira yake inali ndi mabomba okwirira. Ataona kamtanda kaja anati pano payamba kale manda, ndipo anaika awo pambali pake.

Tsopano nkhani inavuta. Munthu wopezeka ndi khasu kumanda popanda maliro dzina lake ndi limodzi, mfiti, ndipo dzinalo silichoka ngakhale kwa ana ake. Masabata awiri Bambo Manueli ankangozungulira msukuwo manja kumbuyo. Obwerera anali atayamba kukangana za malire a madimba, Bambo Manueli akudziwa kuti yankho lili pansi pomwepo.

Amene ankasesa pamandapo anali Mayi Malita, amene amuna awo, Bambo Joaquim, anagona pafupi ndi kamtumbira kaja. Tsiku lina m'mawa anaimika tsache.

"Bambo Manueli, mwazungulira mokwanira. Mwanayu ndi wanu?"

"Si mwana, mayi."

"Nanga ndi chiyani?"

"Lata. Muli makaderno anga aja."

Mayi Malita anakhala pansi, miyendo atatambasula.

"Zaka zisanu ndikusesera lata? Mpaka ndinkaipempherera, ndikuti kamwana kopanda mayi ake."

"Pepani. Ndinkaopa ankhondo."

"Mwapusitsa ankhondo, mwapusitsanso ife. Tikanadziwa tikanawaika pena anthuwa, pano mizu inatithyolera makasu." Kenako anafunsa: "Bambo a kwathu alimo m'makadernomo?"

"Alimo. Iwo, bambo awo, ndi agogo awo amene anachokera ku Amaramba."

"Ndiye musabwere mozemba ayi, angakugendeni. Mubwere Loweruka dzuwa lili pamutu. Ndiitana adzukulu ndi onse amene ali ndi munthu pano. Ine ndiima pomwepa, wofuna kunena za ufiti ayambe ndi ine."

Loweruka anthu anabwera, ena nkhope zili gwa. Bambo Sumaili, amene mlongo wawo anagona pomwepo, ananena poyera kuti mukapezeka fupa ngakhale limodzi, Manueli asamuke. Adzukulu anakumba pang'onopang'ono mpaka khasu linagunda chitsulo. Lata inatuluka yadzimbiri koma yosabooka. Makaderno atatu anali bwinobwino. Lachinayi linali litachita nkhungu m'mphepete, koma masamba ake ambiri anali osalembedwa.

Anthu anayamba kukankhana, aliyense akufuna amve za dimba lake. Mayi Malita anawaletsa.

"Madimba sathawa. Muyambe mwalemba awa agona apa."

Bambo Manueli anakhala pamuzu, kaderno lachinayi lija pabondo, ndipo abale ankatchula dzina, chaka, ndi chimene chinamutenga munthuyo. Asanu ndi awiri analembedwa. Wachisanu ndi chitatu panalibe womudziwa. Anali wapaulendo, anamupeza m'njira akulowera cha ku Cuamba. Bambo Manueli anafunsa zimene anthu ankakumbukira, ndipo analemba kuti: mayi wa nsalu yobiriwira, ankalankhula Chimakuwa, anapempha madzi.